Tsiku limene amalume anandiperekeza ku mayeso a Chingerezi

Ndikukumbukira chaka chimene amalume anga a Benedito anabwera kudzakhala nafe ku Assumane, kuno ku Lichinga. Ndinali ndi zaka khumi ndi zisanu ndi ziwiri, ndipo ndinkabwereza kalasi ya desima, ija ya nambala khumi imene amalemba mayeso a boma. Chaka cham'mbuyo ndinali nditashumbala, monga tinkanenera munthu akalephera, ndipo bambo anga sanabise mawu. Anandikhazika pansi n'kundiuza kuti ulendo uno ndi womaliza. Ndikalepheranso, ndipita ku Chimbonila kwa azakhali kukalima nyemba ndi mbatata ya kachewere, za sukulu ndiiwale. Analankhula mofatsa, osakweza mawu, ndipo kufatsako ndi kumene kunandiopsa. Ku Chimbonila ndinkakudziwa bwino. Asuweni anga aakazi a msinkhu wanga kumeneko onse anali kale ndi ana kumsana.

Vuto langa linayambira kutali. Nthawi ya nkhondo makolo anga anathawira ku Malawi ine ndili kumsana, nakakhala kwa achibale m'mudzi wina cha ku Namwera. Sukulu ndinayambira kumeneko. Titabwerera kuno mtendere utabwera, ndinapeza anzanga akulankhula Chipwitikizi ngati anabadwa nacho, ine ndikungoyang'ana pakamwa pawo. Anandipatsa dzina loti Malawiana, ndipo dzinalo linandimamatira mpaka ku sekondale, ngakhale dzina langa lenileni ndine Filomena. Choseketsa chinali chakuti aliyense ankakhulupirira kuti ana obwerera kuchoka ku Malawi amadziwa Chingerezi. Aphunzitsi akafunsa funso lovuta, kalasi yonse inkatembenukira kwa ine. Koma ine Chingerezi chimene ndinawoloka nacho malire chinali chopatsira moni aphunzitsi ndi chopemphera kupita kuchimbudzi, basi. Ndinkangokweza mapewa ngati ndikudziwa koma sindikufuna kudzionetsera. Chipwitikizi changa chinali chopunduka, ndiye kuti ndikhoze desima, Chingerezi ndicho chinayenera kukoka maphunziro enawo. Chinthu chimene anthu ankati ndi changa ndicho chinandigwetsa chaka choyamba.

Amalume anali mlongo wawo wa amayi. Anathawa nawo limodzi ali mnyamata, koma iwo sanabwerere. Anaphunzira konko, anakwatira konko, namanga nyumba kumudzi kwa akazi awo, ndipo kwa zaka zingapo ankathandiza kuphunzitsa pa sukulu ya pulaimale. Atamva kuti ku Lichinga kwadzaza mabungwe ofuna anthu odziwa Chingerezi, anasita malaya awo oyera, anapinda tayi m'chikwama n'kubwera. Kwa masabata angapo ankadzuka m'mawa n'kupita kukagogoda m'maofesi. Koma maofesiwo ankafuna munthu wa malilime awiri, ndipo Chipwitikizi cha amalume chinali chitachita dzimbiri. Mapeto ake tayi uja anabwerera m'chikwama, mwini wake n'kukhazikika pakhonde pathu.

Amayi sankakonda kuona chinthu chikungokhala. Tsiku lina anandikoka dzanja n'kundiimika pamaso pa mlongo wawo.

“Achimwene, amati mlendo ndi amene amabwera ndi kalumo kakuthwa. Tandimetereni mwana uyu, mutu wake wawirira.”

Amalume anandiyang'ana kuchokera kumapazi, nati nditenge kope langa. Ine ndinalibe chidwi. Ndinkaganiza kuti munthu amene maofesi onse amukana angandiphunzitse chiyani? Ndinali mtsikana wa mutu wouma, ndipo ena amati mpaka lero sunafewe.

Inali nyengo yozizira. Amene anakhalapo ku Lichinga mwezi wa Juni akudziwa zimene ndikunena: chifunga chimatsika m'mitengo ya paini m'mawa, madzi a m'ndowa amaluma zala, ndipo dzuwa likatuluka limangowala osatentha. Amalume kuzizirako kunawazunza kuposa tonse. Ankavala jekete lakale la bambo ndi chipewa chaubweya chimene amayi anawalukira, ndipo ankatsokomola kachifuwa kouma kosatha. Chifukwa cha chimenecho, sukulu yathu inalibe malo amodzi. Ndikaweruka masana ndinkawapeza kutsogolo kwa nyumba akuothera dzuwa. Mthunzi ukatifika, ankanyamula mpando wawo, ine kabenchi kanga, n'kusamukira kumbali ya khitchini. Pofika madzulo tinkakhala tili kuseri, pafupi ndi mtengo wa mapichesi, pamene dzuwa linkatsanzikira. Tinkazungulira nyumba tsiku ndi tsiku, ndipo anthu oyandikana nafe ankati tikulondera akuba masana.

Tsiku loyamba anandiuza kuti ndilembe za banja lathu m'Chingerezi. Ndinadzaza tsamba lonse monyadira. Iwo sanatenge cholembera kuti achonge. Anangondibwezera kopelo.

“Werenga mokweza. Koma upume pokhapokha pamene waika chizindikiro.”

Ndinayamba. Mzere woyamba, wachiwiri, wachitatu, chizindikiro osachiona. Ndinali nditalemba tsamba lonse ndi mpweya umodzi, ziganizo ndikungozilumikiza ndi “and” ngati mikanda. Ndinapitiriza mwamakani mpaka m'maso munayamba kuda, kenako ndinaphulika ngati munthu wovuuka m'madzi. Amalume anaseka mpaka chifuwa chinawagwira, amayi n'kutuluka ndi kapu ya madzi.

“Waona? Iwe mwini wake watsala pang'ono kukomoka. Nanga munthu wochonga mayeso wakulakwira chiyani kuti umuphe?”

Zizindikirozo ine ndinkazidziwa ndi mayina a Chipwitikizi, ponto ndi virigula. Iwo ankazitchula monga anaphunzirira ku Malawi, mpumiro ndi mpatuliro. Mpatuliro, ankatero, ndi pamene mayi wosenza nkhuni waima pang'ono kukonza nkhata, mtolo uli pamutu. Mpumiro ndi pamene watula mtolowo pansi. Ukatula, ponyamulanso uyambe ndi chilembo chachikulu. Sanabwerezenso kufotokoza. Kuyambira tsiku limenelo chilichonse chimene ndinalemba ndinkachiwerenga mokweza, ndipo mapapo anga ndi amene ankandiuza pamene ndalakwitsa.

Zolakwa zina zinali zochokera kunyumba. Ife m'chinenero chathu timati iye, kaya ndi mwamuna kaya ndi mkazi, ndiye ine ndinkangolemba “he” paliponse. Amalume ankafuula molunjika kukhitchini, “Achemwali, tulukani mudzaone! Mwana wanu wakumeretsani ndevu!” Amayi ankayankha ali m'katimo kuti ngati ndevuzo zingandikhozetse mayeso, azisunga. Aneni osintha mawonekedwe aja, go, went, gone, ankandiimbitsa ndikutsuka mbale, mpaka azing'ono anga anawaloweza ine ndisanawaloweze, namawaimba podumpha chingwe pamsewu. Ndinkapsa mtima, nthawi zina ndinkaponya kope pansi. Iwo ankangolitola, kulipukuta fumbi lofiira lija ndi mkono wa jekete, n'kuliika pamiyendo panga.

Koma chimene anavutika nacho kwambiri chinali chimangirizo, ija nkhani imene umayenera kulemba wekha kumapeto kwa pepala la mayeso. Apa ndi pamene ndinagwera chaka choyamba. Ndinkayamba bwino ndithu, mfundo ndinali nazo, koma ndinkalemba mpaka nthawi kapena nzeru zindithere, kenako n'kungosiyira pomwepo. Ndikafuna kuoneka waulemu ndinkalemba “The End” ndi zilembo zikuluzikulu, n'kujambula kaduwa pambali.

Amalume ankati wolemba ndi mwininyumba, wowerenga ndi mlendo. Ndime yoyamba ndi kuyankha odi, kumupatsa pokhala ndi kumuuza zimene mukambirane. Ndime zapakati ndi kucheza kwenikweni, nkhani imodzi ndime imodzi, osasakaniza za maliro ndi za mbuzi yosochera. Zonsezi ndinazimva msanga. Koma atafika pa kaduwa kanga kaja anagwedeza mutu.

“Mena, mlendo wako wamusiya pakhonde. Wadzuka pakati pa nkhani, walowa m'nyumba, watseka chitseko. Kwanu anakulera choncho?”

Ndinawayankha kuti nkhani ikatha yatha, ndiwonjezerenso chiyani? Anadikira mpaka tsiku lina pamene mayi wina wa kutchalitchi kwathu anabwera kudzakambirana ndi amayi za kuzonda odwala. Mlendoyo atatsanzika, amayi anamangirira chitenje, anamulanda kadengu kake n'kukanyamula okha, monga mwa masiku onse. Amalume anandikodola.

“Tsatira amako. Usalankhule, ungomvetsera.”

Kwathu mlendo sankachoka yekha. Kumusiya mlendo pakhomo kunali ngati kumuuza kuti wakutopetsa. Unkamunyamulira katundu, kuyenda naye kudutsa nyumba za anthu kuti onse aone kuti wachoka mwamtendere, ndipo sunkabwerera mwa kufuna kwako. Unkayenda mpaka mlendoyo anene yekha kuti, “Bwererani apa.” Zimenezi ndinkaziona kuyambira ndili wamng'ono, koma ndinali ndisanamvetserepo zimene amayi amalankhula m'njira. Tsiku limenelo ndinamva. Sanayambitse nkhani yatsopano. Anangotolera zimene anakambirana pakhonde zija m'mawu ochepa: ndiye tagwirizana kuti Lachinayi tiyambira kwa agogo aja, inu mubweretsa sopo, ine ufa. Kenako anathokoza chifukwa cha kubwera, napereka moni wa kunyumba. Pa mphambano mlendo anati abwerere, amayi anamubwezera kadengu kake, aliyense n'kulowera kwake nkhope ili yowala.

Nditabwerera ndinapeza amalume atasamukira kale kuseri ndi mpando wawo.

“Wamva? Ndime yomaliza ndi imeneyo. Subweretsa nkhani ina, umatolera zomwezo n'kumupatsira m'manja kuti akafike nazo kwawo.” Anatsokomola pang'ono, kenako anawonjezera, “Ndipo mlendo amaperekezedwa dzuwa likadalipo. Usadikire nthawi ikuthere. Mathero amawasungira nthawi.”

Kuyambira pamenepo anayamba kubwereka wotchi ya bambo. Ankandipatsa mutu, kaya wa msika, kaya wa mvula, kaya wa ubwino wa mitengo, n'kundisiya ndilembe. Nthawi ikatsala pang'ono ankagogoda mwendo wa mpando ndi chala, kutanthauza kuti dzuwa lapendeka. Ndikhale ndili pakati pa mfundo yokoma chotani, ndinayenera kuimaliza msanga n'kunyamuka kuperekeza mlendo. Poyamba zinkandiwawa ngati andilanda chakudya pakamwa. Koma pang'ono ndi pang'ono ndinayamba kumva ndekha kuti nthawi yakwana, chala chisanagogode. Aphunzitsi a kusukulu anayamba kuwerengera kalasi zolemba zanga, ndipo anzanga anati, “Si tinanena? Malawiana ankangobisa.” Sindinawatsutse.

Kuzizira kunatha, mphepo ya fumbi inabwera, kenako kutentha kwa Okutobala. Anthu onse anavula majuzi, koma amalume anapitiriza kutsatira dzuwa ali m'jekete lawo. Lamba wawo anamuboola mabowo atsopano ndi msomali. Chakudya ankangochilawa, chotsalacho n'kukankhira azing'ono anga. Ine ndinkaona zonsezi, koma ndinkati ndi mphepo ya ku Lichinga imene yawakana, akadzabwerera kotentha adzanenepanso. Pa msinkhu umenewo munthu umaona chimene ukufuna kuona, ndipo mutu wanga unali pa mayeso.

Kutangotsala masiku ochepa kuti tiyambe kulemba, tikudya chakudya chamasana, amalume ananena kuti akubwerera kwa akazi awo ndi ana. Mvula yoyamba inali itagwa kale, ndipo msewu wa ku Mandimba, wopita kumalire, nthawi imeneyo unali wadothi. Mvula ikakhazikika magalimoto ankagona m'matope. Anali atapangana ndi dalaivala wa lole yonyamula nyemba, yonyamukira kumsika waukulu. Atatchula tsiku, ndinasiya kudya. Linali tsiku lenilenilo la mayeso a Chingerezi, m'mawa, nthawi yomweyo.

Ndinakalipa. Ndinafunsa ngati masiku ena onse a pakalendala atha. Amalume anangoti mwini galimoto ndiye mwini tsiku. Ndiye ndinalengeza kuti ndikawaperekeza kumsika, ndikawakweza lole, kenako ndithamangira kusukulu. Bambo anandikumbutsa kuti msika uli uku, sukulu ili uko, ndipo tsiku la mayeso chipata amatseka, wochedwa amalembedwa kuti sanabwere.

“Ndiye amalume achoke ine osawanyamulira chikwama?” ndinatero, misozi ili m'maso. “Munthu wandiphunzitsa chaka chonse ndimusiye pakhonde? Si inu nomwe munandilera kuti mlendo sachoka yekha?”

“Ukachedwa, ku Chimbonila,” anatero bambo.

“Kaya! Nyemba nazonso zimalimidwa ndi anthu.”

Amayi anandiyang'ana ndi diso lija limene linkatithawitsa tili ana. Amalume ankangosewera ndi chipewa chawo. Ine mumtima ndinali nditatsimikiza. Ndinkadziwa kuti lole sinyamuka pa nthawi yake, ndinkadziwa kuti mwina sindikafika kusukulu chipata chisanatsekedwe, koma ndinati zionekere komweko.

M'mawa wa tsikulo kunacha bwino. Mvula inali itagwa dzulo lake, dothi likununkhira, ndipo mapiko a ngumbi anali mbwee pakhonde. Ndinavala yunifolomu, ndinaika zolembera m'thumba, ndipo ndisanamwe n'komwe tiyi ndinagwira chikwama cha amalume n'kuchisenza pamutu kuti wina asandilande. Chinali chopepuka modabwitsa. Amalume anatsanzikana ndi bambo, anasisita mitu ya azing'ono anga, nafuna kuvula jekete kuti abweze. Bambo anawagwira dzanja.

“Alamu, pitani nalo. Pamwamba pa lole pamazizira.”

Tinanyamuka, ine patsogolo, amalume pambuyo panga, amayi akutsatira chapatali. Tinadutsa pa mpope pamene amayi ena ankatunga madzi, onse akufuula kuti ayende bwino a Ticha, akapereke moni ku Malawi. Titafika pa mphambano pamene njira ya kumsika imapatukana ndi ya kusukulu, ndinakhotera ya kumsika. Nditayenda pang'ono ndinamva kuti kumbuyo kwanga kuli zii. Nditacheuka ndinaona amalume akukwera mwakachetechete njira ya kusukulu.

“Amalume, mwasochera! Kumsika ndi kuno!”

“Sindinasochere,” anayankha osatembenuka. “Lero mlendo ndiwe. Ndikukuperekeza ndine.”

Ndinaima pamenepo chikwama chili pamutu, osadziwa chochita. Kupita kumsika ndekha ndi katundu mwini wake akulowera kwina kukanakhala misala. Ndinathamanga n'kuwapeza. Ndinawauza kuti lole iwasiya. Anati lole ya nyemba sinasiyepo munthu, imadikira mpaka thumba lomaliza. Ndinawauza kuti si mwambo wake, wochoka ndi amene amaperekezedwa. Anati nanga amene akupita kukakumana ndi boma lero ndani?

Njira ya kusukulu inali yokwera, ndipo tsiku limenelo ndi pamene ndinaona mmene mphamvu zinawathera. Tinkayenda pang'onopang'ono, ana ena a yunifolomu akutidutsa. Titafika pa mitengo ya bulugamu anaima, anatsamira mtengo, akupuma movutikira, thukuta lili pamphumi ngakhale kunali kusanatenthe. Ndinachita mantha, ndinafuna kuitana amayi. Iwo anakweza chala, akumwetulira.

“Usaope. Uwu ndi mpatuliro chabe.”

Tinapitiriza. Ndipo m'njiramo anachita ndendende zimene amayi ankachita ndi alendo awo. Sanandiphunzitse chatsopano chilichonse. Anangotolera za chaka chonse m'mawu ochepa, akupumira pakati. Funso uliwerenge kawiri. Nkhani ikakhala ya dzulo, aneni onse akhale a dzulo. Amako usawameretse ndevu. Uwerenge chamumtima zimene walemba, umve pamene mpweya ukuthera. Ndipo dzuwa likapendeka, nyamuka. Kenako anandithokoza. Anati anabwera ku Lichinga kudzafuna ntchito ya muofesi, koma anapeza ina yoposa, ndipo sanataye chaka.

Tinafika pachipata. Mlonda anali ataima kale ndi loko m'manja, ophunzira akulowa mothamanga. Ndinaima, chikwama chikadali pamutu. Amalume nawo anaima pambali panga, manja ali m'matumba a jekete la bambo, osatsanzika, osatambasula dzanja kuti alandire katundu wawo. Belu loyamba linalira. Ndinawayang'ana, iwo n'kundiyang'ananso.

“Ndikudikira,” anatero. “Woperekeza sabwerera yekha, Mena. Mpaka mlendo amuuze.”

Pamenepo ndi pamene ndinamvetsa chimene ankafuna, ndipo ndinakana. Ndinapukusa mutu mpaka chikwama chinatsala pang'ono kugwa. Mlonda anafuula kuti mtsikana iwe ukulowa kapena ayi. Amayi anali ataima patsidya pa msewu, atagwira pakamwa ndi nsonga ya chitenje. Amalume sanasunthe. Ndinkawadziwa: akanaima pamenepo mpaka chipata chitsekedwe, lole ipite, tonse awiri titaye. Makani anga ndinatengera kwawo kwa amayi, ndipo tsiku limenelo ndinakumana ndi mwini wake.

Ndinatula chikwama n'kuwapatsa ndi manja awiri, nditapinda maondo.

“Bwererani apa, amalume.”

“Zikomo,” anatero. “Ukafike bwino.”

Ndinalowa, mlonda n'kukoka chipata kumbuyo kwanga. Nditafika pa khomo la kalasi ndinacheuka. Ndinaona jekete la bambo ndi chipewa chaubweya zikutsika njira ija, amayi atasenza chikwama, akuyenda pang'onopang'ono kuti afanane nawo mayendedwe.

Za mayesowo sindikumbukira zambiri. Mafunso a aneni ndinawayankha ngati ndikutsuka mbale. Mutu wa chimangirizo unali wamba, za ubwino wa madzi aukhondo, ndipo ndinalemba za mpope wa ku Assumane ndi mizere ya zidebe. Ndili pakati pa mfundo imene ndinkaikonda, ndinamva m'thupi mwanga kuti dzuwa lapendeka, ngati chala chagogoda mwendo wa mpando. Ndinaimaliza mfundoyo mwachidule. Ndinayamba ndime yatsopano, ndinatolera zonse zimene ndinanena, ndinamunyamulira mlendo wanga katundu mpaka pa mphambano. Pamene woyang'anira mayeso ankati tiike zolembera pansi, ine ndinali nditatula kale, ndikupukuta dontho la misozi limene linagwera pa pepala kuti inki isafalikire.

Zotsatira zitatuluka, dzina langa linali pakati pa okhoza, ndipo Chingerezi ndicho chinakoka enawo monga tinkafunira. Bambo sanalankhule zambiri. Anangouza azakhali a ku Chimbonila, atabwera pa Khirisimasi, kuti khasu limene anandisungira alipatse wina. Ndinkayembekeza kuti mvula ikatha ndidzapita ndekha ku Malawi kukawauza amalume pamaso.

Uthenga unafika mvula ili pakati, kudzera mwa munthu wina wamalonda amene anachedwa m'njira chifukwa cha matope. Pamene unkatipeza, amalume anali ataikidwa kale. Panalibe wa kwathu amene anakawaperekeza kumanda. Tinangokhala pakhonde, anthu a kutchalitchi akubwera kudzatipepesa, mpando wawo utatsamira khoma pamene anausiya.

Patapita masiku, tikusankha nyemba kuseri pafupi ndi mtengo wa mapichesi, amayi anandiuza zimene ine sindinkadziwa. Achipatala anali atawauza amalume kalekale, nyengo yozizira isanathe, kuti matenda awo apita patali. Akazi awo anatumiza mawu kuti abwerere. Amayi anawachonderera kangapo kuti apite akadali ndi mphamvu, akakhale ndi ana awo. Iwo ankangoyankha kuti apita mwanayu akalowa m'chipinda cha mayeso. Ndipo tsiku lija silinasankhidwe ndi mwini galimoto. Analisankha okha, chifukwa ankadziwa kuti akachoka msanga ndidzalemba ndi mtima wosweka, ndipo akachedwa kufikira nditatuluka, sadzakhala ndi mphamvu yonditsanzika ndikuwayang'ana m'maso popanda belu londikoka.

Lero ndine mphunzitsi wa Chingerezi kuno komwe ku Lichinga. Msewu wa ku Mandimba anauthira phula, ndipo ndinapitako, ndinakaona manda awo ndi ana awo, asuweni anga, amene anandibwereka bambo awo miyezi imene inali yawo. Ophunzira anga ndimawawerengetsa mokweza mpaka mpweya uwathere, ndipo amandiseka ndikawauza kuti amusiya mlendo pakhonde. Ambiri a iwo mwambowo saudziwanso. Masiku ano mlendo akatsanzika, mwana amangoimbira wa njinga yamoto, n'kudzamunyamulira pakhomo penipeni. Ine ndimakanabe. Ndimanyamula katundu wa mlendo n'kuyenda naye, ndipo amuna anga amati tsiku lina ndidzaperekeza munthu mpaka kwawo n'kudya naye mgonero.

Amati mlendo ndi mame, sachedwa kukamuka. Ndili mtsikana ndinkaganiza kuti amalume ankandiphunzitsa mmene ndingakondweretsere wochonga mayeso. Tsopano ndikumvetsa kuti munthu amene ankandiuza tsiku ndi tsiku kuti mathero amawasungira nthawi ankayang'ana dzuwa lake lomwe likupendeka, ndipo mphamvu zochepa zimene zinawatsalira anazisungira chitunda chija cha kusukulu. Sanandisiye pakhonde. Anandinyamulira nkhani yonse mpaka pachipata, naonetsetsa kuti mawu omasula woperekeza atuluke pakamwa panga, kuti ndisadzakhale moyo wanga wonse ndikuti anandithawa. Ndimawathokoza chifukwa cha zimenezo, ndipo ndimawasowa kwambiri, makamaka mwezi wa Juni dzuwa likamazungulira nyumba popanda wolitsatira. Sindidandaula kuti ndinawauza abwerere. Ndimangolakalaka chipata chija chikanakhala patali pang'ono.